Dzina lalikulu sililemba kalata

M'nyumba zambiri za kuno kwathu muli sutikesi kapena bokosi lachitsulo limene silitsegulidwa kawirikawiri. M'menemo mumakhala mtchatho, ziphaso za msonkho zakalekale ndi zithunzi za makolo, ndipo nthawi zina pansi penipeni pamakhala peni ya inki imene idauma zaka 40 zapitazo. Ana akaipeza amaiyesa papepala, akaona kuti sikulemba n'kuiponya kudzala. Akulu akaipeza amayamba ayang'ana dzina. Likakhala Parker kapena Sheaffer amaisunga, koma likakhala lachilendo monga Wyvern, Burnham kapena Ratnam amati ndi yachabechabe. Ine ndakhala ndikutolera mapeni a mayina osadziwikawa kwa zaka zoposa 20, ndipo ndaona kuti kuweruza peni potengera dzina n'chimodzimodzi kugula mbuzi poyang'ana chingwe chimene aimangira.

Peni yosunga inki m'mimba mwake idayamba kudalirika cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mu 1884 Lewis Waterman wa ku New York adalembetsa kuboma luso lake la kangalande kotulutsa inki pang'onopang'ono kwinaku kakulowetsa mpweya. Mu 1908 Walter Sheaffer adalembetsa luso la kachitsulo ka m'mbali kamene kamafinya kathumba ka mphira kuti kayamwe inki. Kuchokera apo mafakitale a mapeni adamera ngati bowa wa m'dzinja. Ku Britain kudali Wyvern mumzinda wa Leicester, Summit ku Liverpool, Burnham ndi Mentmore ku London. Mentmore, imene idayamba mu 1919, ndiyo inkapanga mapeni otsika mtengo otchedwa Platignum. Ku Gosport kampani ya E. S. Perry inkapanga Osmiroid, peni ya ana asukulu. Ku America kudali Wearever ndi Arnold, ku Germany kudali Geha ya ku Hanover. Ambiri mwa makampaniwa adagwa pamene bolopeni idalanda msika. László Bíró adalembetsa bolopeni yake mu 1938, Bic Cristal idatuluka ku France mu 1950, ndipo pang'ono ndi pang'ono anthu adaleka kuyenda ndi botolo la inki.

Kuno kwathu mapeniwa adabwera m'matumba a malaya. Adabwera ndi aphunzitsi a kumishoni, akalaliki a kukhoti ndi a kwa DC, komanso abambo amene ankabwerera kuchokera ku Joni, ku Halale ndi kumigodi ya kopa ya ku Zambia. Ena adagulidwa m'masitolo a amwenye m'matauni mwathu. Masiku amenewo kachitsulo kopanira peni kakaonekera pathumba la malaya, mudzi wonse unkadziwa kuti wotilembera makalata ndi uyu. Mayi amene mwamuna wake adali kumigodi ankapita kwa munthu wotereyu ndi mazira awiri kapena kambale ka mtedza, n'kumuuza mawu oti alembe. Parker idali ya mabwana. Makalata a anthu wamba, ofunsa za ndalama, onena za maliro ndi za ana obadwa, ankalembedwa ndi mapeni otsika mtengo amene mayina awo lero adaiwalika.

Ine ndidayamba kutolera ndili mlangizi wa zaulimi. Ntchito inkandifikitsa m'makomo ambiri, ndipo pokhala pakhonde kudikira kuti alimi asonkhane, nkhani zimachuluka. Tsiku lina agogo ena amene adakhalapo mlembi wa mpingo adanditulutsira peni yakuda ya Osmiroid 65. "Alangizi," adatero, "iyi idatha ntchito, koma kuti ndiitaye mtima ukukana. Tengani, mwina inu mudziwa chochita nayo." Nditatsuka nibu yake ndi madzi ozizira n'kuiviika mu inki, idalemba mosalala kuposa bolopeni imene ndinkagwirira ntchito. Chimene chidafa chidali kathumba ka mphira kokha. Lero ndili ndi mapeni 43, ndipo a mayina otchuka alipo 4 basi.

Yambani ndi nibu

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Peni yakale musaikoke, musaipotokole, musaiyese mphamvu. Tulukani nayo pabwalo pamene pali kuwala, ndipo ngati maso ayamba kuchepa mphamvu bwerekani kagalasi kwa wokonza mawotchi kapena mafoni.

Choyamba kuyang'ana ndi nibu, pakuti ndiyo imakhudza pepala. Nibu ili ndi mano awiri olekanitsidwa ndi kamzere kamene inki imatsikiramo. Kunsonga kwa dzino lililonse kumayenera kukhala kanjere ka chitsulo cholimba kwambiri. Amisiri akale ankagwiritsa ntchito iridium ndi osmium, zitsulo za m'gulu la platinum, chifukwa golide payekha ndi wofewa ndipo pepala lingamuperese msanga. Kanjereka kakathothoka mbali imodzi, peni imakanda pepala ngati minga, ndipo kukabwezeretsa ndi ntchito ya amisiri ochepa kwambiri, yodula kuposa peniyo. Koma ngati tinjere tonse tiwiri tilipo, kungoti dzino limodzi lakwera pang'ono kuposa linzake, vuto limenelo n'laling'ono. Munthu wofatsa amaliwongola ndi chikhadabo.

Kenako werengani zimene zidadindidwa panibupo. Zilembo zakuti 14ct, 14K kapena 585 zikunena chinthu chimodzi, kuti mwa magawo 1,000 alionse a chitsulocho, 585 ndi golide. Mudzapezanso manibu olembedwa "Warranted 14ct" popanda dzina la kampani. Makampani ang'onoang'ono ankawagula kwa amisiri opanga manibu okhaokha, ndipo ambiri ndi abwino zedi. Mukasindikiza pang'ono mano ake amatambasuka, kotero kuti mzere wotsika umanenepa, wokwera n'kuwonda, monga mmene mumaonera m'mabuku akale a ubatizo. Peni imene ndimaikonda kuposa zonse ilibe dzina lililonse pathunthu pake, koma ili ndi nibu yotereyi.

Apa m'pamenenso pali msampha. Makampani ena ankadinda 14K pamalo oonekera, koma mawu akuti "plate", otanthauza kuti golideyo n'ngokutira pamwamba chabe, ankawadinda m'munsi pamene nibu imabisika m'khosi mwa peni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Golide weniweni sachita dzimbiri, choncho mukaona timadontho takuda todyeka kapena mtundu wachikasu utasupuka n'kuonekera zoyera, dziwani kuti n'chitsulo wamba. Komatu chitsulo pachokha sichochititsa manyazi. Manibu a Osmiroid ndi achitsulo, ndipo ali ndi ubwino umene mapeni ambiri odula alibe: amamasuka ngati bawuti. Nibu ikawonongeka mumangoipotokola n'kuikapo ina, ndipo kampaniyo inkapanga manibu amitundumitundu, ngakhale a anthu amanzere. Amalowanso bwinobwino m'mapeni a Esterbrook J a ku America. Wopanga peni imeneyi ankadziwa kuti mwana wasukulu adzaigwetsa pansi, ndipo adakonzeratu njira yoti kholo lisagulenso peni yonse.

Pansi pa nibu pamakhala kachidutswa kakuda kokhala ndi timizere, kamene amisiri amakatcha feed. Kameneka ndiko kangalande kaja. Mukazondotsa botolo lodzaza madzi, madziwo amatuluka modukizadukiza chifukwa mpweya ukulimbana nawo polowa. M'peni zimachitikanso chimodzimodzi, ndipo ntchito ya kangalandeka n'kuonetsetsa kuti inki yotuluka ndi mpweya wolowa zikusinthana mwadongosolo. Kayenera kugundana kwathithithi ndi nibu. Pakakhala mpata woti pepala n'kulowa mosavuta, inki imadukiza polemba. Kakathyoka nsonga kapena kusweka, peniyo imafuna kena kolingana nako, ndipo ka peni ya kampani imene idatsekedwa zaka 60 zapitazo kamapezeka pokhapokha mutapeza peni inzake yakufa.

Thunthu limadziwika ndi fungo

Mapeni akale ankapangidwa ndi zinthu zosiyanasiyana, ndipo chilichonse chili ndi mdani wake. Njira yapafupi yozisiyanitsira ndiyo kutikita thunthu ndi chala mpaka lifunde, kenako n'kununkhiza.

Likamveka ngati tayala lotentha, imeneyo ndi ebonite, mphira wophikidwa ndi sulufule wambiri mpaka kulimba gwa. Ebonite imakhalitsa ndipo inki siidya, koma dzuwa limaisandutsa kuchoka pakuda kukhala yofiirira, ndipo kuiviika m'madzi kumafulumizitsa kusuluka kwake. Likamveka fungo longa la mafuta opaka pachifuwa munthu akadwala chimfine, imeneyo ndi celluloid. Ndiyo inkapatsa mapeni mitundu yokongola yamawangamawanga, koma imayaka moto mwaukali ndipo spiriti imaiwononga, choncho musaiyandikize ku kandulo kapena ku mbaula pofuna kumasula khosi lake. Chachitatu ndi casein, yopangidwa kuchokera ku mkaka. Burnham ankaigwiritsa ntchito kwambiri, ndipo mapeni ake ena ndi okongola kotero kuti munthu amachita nawo kakasi. Koma casein ikagona m'madzi imafufuma n'kupindika, osabwereranso mwakale. Peni imene simukudziwa chimene idapangidwira muziviika nibu yokha, thunthu lisakhudze madzi.

Mukatero yendetsani chikhadabo m'mlomo mwa chivindikiro. Ming'alu imayambira pamenepo, chifukwa eni ake ankakonda kukanikiza chivindikiro kumbuyo kwa peni polemba. Mng'alu wa pamenepo umachepetsa mtengo wa peni koma suiletsa kulemba. Mng'alu wa pakhosi, pamene zala zimagwira, ndiwo woopsa, chifukwa inki imadzathera m'manja ndi m'malaya. Onaninso ngati mazinga a chivindikiro sadathe, pakuti chivindikiro chosatseka bwino chimaumitsa nibu.

Chotsiriza ndi njira yothirira inki. Ngati peni ili ndi kachitsulo ka m'mbali, kadzutseni pang'ono chabe. Kakalimba, kasiyeni pomwepo. Kathumba ka mphira ka m'katimo kadauma ngati chikopa, ndipo mukakakamiza muthyola kachitsuloko, chimene ndi chovuta kupeza kuposa kathumba. Mukaigwedeza peni pafupi ndi khutu n'kumva tizidutswa tikuchita phokoso, kathumbako kadaphwanyika kale. Zimenezi zisakubwezeni m'mbuyo, chifukwa mphira wa zaka 60 sangakhale wamoyo ngakhale m'peni ya dzina lotchuka motani. Timatumbati tikupangidwabe mpaka lero, ndipo kukula kwake amakuyeza m'magawo 64 a inchi imodzi, kotero kuti nambala 16 ndi kota ya inchi. Amatimata ndi shellac, guluu wapadera amene amafewa akafunda, zimene zimalola kuti peniyo idzatsegulidwenso mtsogolo. Ine timatumbati amanditumizira achibale a ku Johannesburg. Super glue musamuyandikize n'komwe, chifukwa peni yomatidwa naye siitsegukanso popanda kuthyoka.

Mapeni a ku India ndi ku China

Mwa mapeni onse amene ndili nawo, amene amandiganizitsa kwambiri ndi a ku India. Mumzinda wa Rajahmundry, m'mphepete mwa mtsinje wa Godavari, mmisiri wina dzina lake K. V. Ratnam adayamba kupanga mapeni mu 1932. Imeneyo idali nthawi imene Mahatma Gandhi ankalimbikitsa anthu a ku India kugwiritsa ntchito katundu wopangidwa kwawo m'malo mwa wochokera ku Britain. Ratnam adatumiza peni kwa Gandhi, ndipo mu 1935 Gandhi adamulembera kalata yothokoza. Mapeniwa ankasemedwa imodziimodzi pamakina ozungulira kuchokera ku ndodo za ebonite. Ambiri alibe kathumba kapena kachitsulo kalikonse. Mumangomasula khosi, kuthira inki m'thunthu ndi kachubu kodonthezera mankhwala, n'kumanganso. Mulibe choti chiume, mulibe choti chithyoke, ndipo peni yotere itagona zaka 50 imangofuna kutsukidwa ndi kupakidwa girisi wa silicone pamazinga.

Mapeni a mtundu umenewu ali ndi khalidwe limodzi loyenera kulidziwa, makamaka kwa ife a kumadera otentha. Inki ikachepa, m'thunthu mumatsala mpweya wambiri. Dzanja likaufunditsa mpweyawo umafufuma n'kukankhira inki kunja, ndipo dontho lalikulu limagwera papepala. M'mwezi wa October ku Chikwawa kapena ku Tete zimenezi sizichedwa kuchitika. Mankhwala ake n'kuthira inki isadatsike kupitirira theka, komanso kuifumbata peniyo kanthawi nibu ikuloza kumwamba musadayambe kulemba.

Amene adaphunzira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akukumbukira Hero ya ku Shanghai. Fakitale yake idayamba mu 1931 ndi dzina lina, ndipo Hero 616 idatengera maonekedwe a Parker 51 ya mu 1941, ya nibu yobisika yongoonekera kansonga. Mapeni amenewa ndiwo adanditsimikizira kuti dzina silokwanira kuweruzira. Ndili nawo 6 a nambala yomweyo. Awiri amalemba bwino kwambiri moti mungawasokoneze ndi Parker, atatu ndi apakatikati, imodzi imadontha ngakhale muichite chotani. Kuwonjezera apo, Hero nayonso idakoperedwa ndi ena opanga katundu wachinyengo. Choncho peni iliyonse iyenera kuyesedwa payokha. Viikani nibu mu inki, lembani nambala 8 kangapo, kokani mizere yopita mbali zonse zinayi, ndipo mvetserani ndi khutu ngati ikukanda.

Za mtengo ndi za inki

Ena akamva kuti ndimatolera mapeni akale amaganiza kuti muli chuma. Ndinene mosapsatira kuti mapeni ambiri a makampani ang'onoang'onowa sagulidwa ndalama zambiri ngakhale kunja. Platignum ndi Wearever adapangidwa ochuluka kwambiri ndipo otolera sawalimbirana. Wyvern, Summit kapena Burnham yosasweka, ya nibu yake ya golide, imakhala ndi mtengo wabwinopo, koma singakugulireni malata a nyumba. Chimene chimandiwawa ndi anthu amene amazula nibu kuti akagulitse golide. Kanibu ka peni wamba sikafika ngakhale theka la galamu, ndipo pafupifupi theka la kulemerako si golide. Munthu amapha chida chimene chikadalembabe zaka zina 50 chifukwa cha ndalama yothera pamsika tsiku lomwelo.

Peni ikadzuka, samalani chimene mukuidyetsa. M'maofesi athu ambiri inki imene imapezeka msanga ndi ya chidindo, koma imeneyo, pamodzi ndi inki yojambulira zithunzi, imatseka kangalande kaja. Gulani inki imene pabotolo pake palembedwa kuti ndi ya mapeni a mtundu uwu, monga Quink imene Parker adaitulutsa mu 1931. Dziwaninso kuti inki yabuluu wamba imasungunuka ikanyowa. Inu amene mumasunga mabuku a banki m'khonde, a kalabu ya alimi kapena kaundula wa mudzi m'nyumba zimene denga lake limadontha, musalembe ndi inki imeneyo ziwerengero za ndalama za anthu. Pali ina yotchedwa iron gall, imene imalembeka yotuwa n'kumada pang'onopang'ono pamene ikuuma, ndipo madzi saichotsa. Ku Britain olemba kaundula wa obadwa, okwatirana ndi omwalira amagwiritsa ntchito inki ya mtundu umenewu. Koma ndi yowawasa, imadya chitsulo ikasiyidwa nthawi yaitali m'peni, ndipo ichi n'chifukwa chimodzi chimene akale ankakondera nibu ya golide. Ngati inki yotereyi simungaipeze, buku la ndalama lilembeni ndi bolopeni.

Pali mfundo imodzi imene ndimasiyana ndi otolera anzanga a kunja. Iwo peni ikakhala ndi dzina la mwini wake lozokotedwa pathunthu amaitsitsa mtengo, ati yaonongeka. Ine yotereyo ndiyo ndimaifuna. Ndili ndi kope limene ndimalembamo za peni iliyonse: dzina la wopanga, chimene idapangidwira, mtundu wa nibu, zilema zake, ndi kumene ndidaipeza. Kumapeto ndimasiya mpata waukulu wolembamo kuti mwini wake adali yani ndipo ankalemba nayo chiyani. Mpata umenewu ndiwo umavuta kudzaza, chifukwa kathumba ka mphira mukhoza kuitanitsa chaka chilichonse, koma gogo wodziwa mbiri ya peniyo akapita wapita nayo. Pa mapeni 43 aja, amene ndikudziwa eni ake ndi 17.

Nibu yolembedwa ndi munthu mmodzi zaka zambiri imaperesekera mbali imene iye ankaipendekera, monga mmene mpini wa khasu umasalalira pamene mwini wake amagwira. Ndili ndi Summit yobiriwira imene imakanda ndikaigwira mmene ndidazolowerera. Kuti ilembe bwino ndimayenera kuipotokola pang'ono n'kugonetsa dzanja mwachilendo. Mwana wa mwini wake adandiuza kuti bambo ake adali amanzere, ndipo adalembera anthu a m'mudzi mwawo makalata opita kumigodi kwa zaka zoposa 20. Nibu imeneyo ndikadatha kuipala kuti igwirizane ndi dzanja langa, koma ndidaisiya momwemo. Ndikafuna kuilembera, ndimaigwira monga ankaigwirira iwowo.